Wa ku Bangalore sakwera pa denga ku Mfuwe

Mukamva dzina la Mfuwe, imwe a mu Kanyama, Chawama na Mtendere, maganizo amathamangira ku njovu, mvuu na azungu ovala makabudula a khaki. Zoona, vonse ivo viliko. Koma chithunzi cha kaingo chikafika pa Instagram kuchokera mkati mwa thengo, dziwani kuti pali wina amene anakwera pa denga, anakoka waya, anatuluka thukuta kuti netiweki igwire. Munthu ameneyo angakhale wa msinkhu wanu, wa laputopu imodzi na chikwama cha zipangizo kumbuyo. Ndipo masiku ano akulimbirana nsima na anthu amene mtsinje wa Luangwa sanauonepo olo pa mapu.

Mfuwe ili m'boma la Mambwe, kum'mawa, kwa Akunda, m'dziko la mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro na Malama. Eni ake chigwachi amachitcha Malambo. Kutsidya kwa mlatho kuli South Luangwa National Park, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake, imene inakhala paki mu 1972. Malonda a alendo anayamba kale kuposa apo: mu 1950 Norman Carr anagwirizana na mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo oona nyama, ndipo ni kuno kumene kunatchuka ulendo woona nyama wapansi. Nthawi imeneyo mlendo amabuka na kalata. Lero loji imene ilibe webusaiti, Wi-Fi na kamakina kolipirira na khadi ili ngati sitolo yopanda chitseko. Mlendo wa ku London amasankha kogona ali pa sofa kwao, miyezi yambiri ndege ya Proflight isanamutsitse pa bwalo la Mfuwe.

Ndiye kuti nchito ya makompyuta ilipo maningi m'chigwa. Funso ni lakuti ndalama yake imathera m'thumba la ndani.

Nchito imeneyi ili pawiri. Pali ina imene imayenda pa waya: kupanga webusaiti, kukonza zithunzi, kulemba zotsatsa malonda, kusunga mabukingi, kuyang'anira ma imelo. Iyi munthu angaigwire ali kulikonse pa dziko. Ndiye pali ina yofuna manja na mapazi. Yoyambayo ni imene ili na madola, ndipo ni imene imauluka kupita kunja.

Onani mmene zimayendera. Maloji ambiri a nyama mu Africa amasunga mabukingi awo mu mapulogalamu opangidwa ku South Africa, monga ResRequest na NightsBridge. Alendo ena amabwera kudzera pa Booking.com ya ku Amsterdam, atawerenga ndemanga pa Tripadvisor ya ku America. Webusaiti ingapangidwe na kampani ya ku Cape Town, kenaka kampaniyo mwakachetechete ipatsa nchito yeniyeni kwa anyamata a ku India kapena Pakistan. Ku India iyi si nkhani ya pisiweki iyayi. Makampani monga Tata Consultancy Services, Infosys na Wipro anakula na kugwirira nchito mabizinesi a maiko ena, ndipo malonda a makompyuta a dziko limenelo amapanga madola oposa 200 biliyoni pa chaka, kuposa chuma chonse cha Zambia kangapo. Zimphona zimenezo loji ya zipinda khumi sizingaiyang'ane n'komwe. Amene amaluma mnyamata wa ku Mfuwe ni ang'onoang'ono a m'munsi mwake, masauzande a anthu amene ali pa Fiverr na Upwork. Fiverr inayamba mu 2010 na mtengo umodzi chabe, madola 5 pa nchito. Imwe mungapikisane na 5 dola, pamene petulo wa njinga yamoto kuchoka pa Cropping kupita ku msasa na kubwerera wadya kale yoposa apo?

Palinso nkhani ya nthawi. India ili patsogolo pathu na maola atatu na theka. Ba manijala akatumiza dandaulo usiku, pouka m'mawa apeza lakonzedwa kale, pamene wa kuno akali kufunafuna pochajira foni.

Koma tisanamizane kuti ni mtengo chabe. Kampani ya ku Cape Town sikhala yotchipa kuposa mwana wa kwa Kakumbi. Chimene ba bosi amagula kumeneko ni mtima m'malo: invoisi yosindikizidwa bwino, mgwirizano wolembedwa, na nambala imene imayankhidwa. Apa pali chimene chimandinyansa ine. Bosi mmodzimodziyo amene amalipira madola kunja mwezi na mwezi osatsinya nkhope, akafika kwa wa kuno amayamba kunenerera mtengo ngati agula tomato pa Soweto. Komanso anyamata athu ena amadzigwetsa okha. Kupangana 08:00 n'kufika 14:00, foni yozima tsiku limene alendo adzaza, kapena kusunga pasiwedi ya kasitomala m'mutu ngati chikole kuti asakuchotse nchito. Mchitidwe wa pasiwedi umenewu wathamangitsa makasitomala ambiri kuposa Mmwenye aliyense. M'chigwa eni maloji amadziwana onse, ukalakwira mmodzi Lachiwiri, pofika Loweruka mbiri yako yafika mpaka ku Nsefu.

Mu October 2023 Starlink inayamba kugwira nchito mu Zambia, ndipo m'malo ngati Malambo zinthu zinasintha msanga. Kale intaneti ya kuthengo inali ya mbale zikuluzikulu za setilaiti, yodula, yochedwa, yofuna katswiri woiloza bwino kumwamba. Manje kambale kamabwera m'katoni, ukaika poyera, walumikiza, watsegula app pa foni, basi. Nchito ina ya akatswiri inathera pomwepo. Choipirapo, intaneti ikakhala yothamanga, munthu ali ku Johannesburg angalowe mu kompyuta ya pa risepushoni n'kukonza vuto ali na kapu ya khofi m'manja. Msewu umene unabweretsa netiweki ni womwewo unabweretsa opikisana nawo.

Nanga otsala apulumuka bwanji? Apa ndiye pokoma nkhani, chifukwa chigwa chili na njira yake yotetezera ana ake.

Mu October kutentha kumapyola madigiri 40. Rauta yotsekeredwa m'kabati ya malata imakomoka masana ngati munthu. Fumbi la chilimwe limatseka mafani a makompyuta. Mvula ikayamba mu November, mphezi imodzi ingaotche zipangizo za loji yonse. Anyani amasewera na chilichonse cholendewera, agologolo na makoswe amatafuna waya, nyerere zimamanga mudzi mu soketi, ndipo njovu ikafuna kudzikanda siifunsa ngati mzati uli na kamera. Iyi si nthabwala: pa Mfuwe Lodge njovu zimadutsa pa risepushoni penipeni kumapeto kwa chaka, kulondola zipatso za mtengo wa kuseri. Wa ku Bangalore angakuuzeni pa foni kuti zimitsani, yatsaninso. Kukwera makwerero na waya kukamwa sangathe.

Komanso Starlink imangofikitsa intaneti pa malo amodzi. Loji simangidwa ngati fulati ya ku Kabulonga. Tinyumba twa alendo tumamwazikana m'mbali mwa mtsinje, pansi pa michenja na mivunguti, kamodzi apa kena uko. Kambale kafuna thambo loyera, alendo afuna mthunzi. Kutenga netiweki pa ofesi n'kuifikitsa ku kanyumba komaliza, kudutsa mitengo, osaika waya pamene mvuu imapita usiku, ni luso lofuna munthu amene anayendapo pamalopo na mapazi. Ndipo misasa ya mkati mwa thengo, ija ya udzu na bango, imatsekedwa mvula ikayandikira n'kumangidwanso mvula ikatha. Chaka chilichonse zipangizo zimatsitsidwa, zimasungidwa, zimakwezedwanso. Nchito yobwera yokha chaka na chaka ngati mango.

Chilala cha 2024 chinaonjezera phunziro lina. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ni tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, ndipo pofika September malaiti amazima mpaka maola 21 pa tsiku. Imwe a mu komboni simufuna kukumbutsidwa. Wa makompyuta amene anali wochenjera anaphunzira sola, inveta na mabatire, chifukwa rauta yopanda moto ni chidole chabe. Lero amene adziwa zonse ziwiri, netiweki na sola, ni amene foni yake siikhala chete.

Ena anasiya kulimbana na makampani akunja, anasanduka manja awo. Kampani ili kutali imatenga kontrakiti, koma ikafuna wina woti aone chifukwa chake kamera ya pa geti yazima, imaitana wa pafupi. Ndalama yake imabwera, koma chenjerani nayo njira iyi. Mukhoza kugwira zaka zitatu dzina lanu osadziwika kwa mwini loji, tsiku limene kontrakiti yatha naimwe mwatha. Ochenjera amapangana mtengo wa ulendo uliwonse polemba, kuphatikiza mafuta, ndipo amaonetsetsa kuti ba manijala adziwa nkhope imene inakonza vuto. Ena amakana zolipidwa pokhapokha chinthu chikafa. Amapempha ya mwezi na mwezi, yochepa koma yosadumpha, n'kumapita kukapukuta na kuyesa zipangizo zisanafe. Izi zimathandiza kwambiri m'miyezi ya dzinja, pamene alendo achepa, misewu ya m'thengo yasanduka matope, ndipo wa makompyuta wabwerera kukonza mafoni osweka magalasi pa msika.

Ndiye pali mapepala, nkhani yotopetsa koma ni imene ili na nyama. Kuyambira pa 1 July 2024, ZRA inalamula mabizinesi olembetsa VAT kuti azitulutsa ma invoisi kudzera mu Smart Invoice. Wa pa Fiverr za ZRA sazidziwa, ndipo sangakhale pambali pa wa maakaunti kumuonetsa podina. Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2021, limanena kuti mbiri zotero zizisungidwa pa makina a muno m'dziko, kupatula pamene lamulo lalola. Ganizani mapasipoti onse amene maloji amajambula. Amene wawerenga lamulo limeneli ali na chonena pa tebulo chimene wakunja alibe. Koma kuti akumvereni, naimwe mukhale oyera: dzina la bizinesi lolembetsa ku PACRA, TPIN, na kulembetsa ku ICTAZ, bungwe la akatswiri a makompyuta limene linakhazikitsidwa na lamulo la 2018. Loji imene imawerengetsa mabuku ake chaka na chaka siingalipire munthu wopanda risiti, olo akhale waluso bwanji.

Si maloji okha ali m'chigwa. Conservation South Luangwa na Zambian Carnivore Programme amagwira nchito na ma GPS, mawailesi na makamera a m'thengo. Tribal Textiles na Mulberry Mongoose amagulitsa katundu wawo kunja pa intaneti, ali ku Mfuwe komweko. Pali masukulu, zipatala zazing'ono, nyumba za alendo wamba, mashopu na tumabutu twa mobile money. Kasitomala wa mtundu umenewu afuna munthu womufotokozera m'Chikunda kapena m'Chinyanja, wolandira malipiro pa Airtel Money kapena MoMo, wovomera theka lero theka pa mwezi. Ku boma kwa Jumbe kulinso khomo la CDF, imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mbali yake ina ni ya maphunziro a luso na mabizinesi a achinyamata.

Mwina mufunsa kuti bwanji osawabwezera, naife kulowa pa Fiverr n'kulanda nchito za ku America? Zitheka, intaneti manje ilipo. Koma lowani maso ali otsegula. Fiverr imadula 20 peresenti pa ndalama iliyonse. PayPal ya mu Zambia yakhala yotumizira chabe, yosalandirira, ndiye ambiri amazungulira kudzera pa Payoneer. Mumayamba mulibe ndemanga olo imodzi, pamzere umodzi na anthu amene ali nazo mazana. Ndipo kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, tinchito totchipa twa kulemba na kupanga tumawebusaiti tukudyedwa na makina, moti naye wa 5 dola uja akulira. Chimene mwana wa ku Malambo angagulitse chimene wina alibe ni chigwa chenichenicho: vidiyo ya njovu zikuoloka Luangwa m'mawa uno, chithunzi cha msasa mmene ulili sabata ino, nkhani ya wotsogolera alendo yojambulidwa m'chilankhulo chake n'kumasuliridwa bwino.

Kwa imwe amene muli na satifiketi ya makompyuta m'sutikesi ndipo mwatopa kuzungulira Cairo Road na envulopu ya khaki, njira ni ya Great East mpaka Chipata, kenaka makilomita oposa 100 a tala kutsikira m'chigwa. Nthawi yabwino yogogoda ni March na April, pamene misasa ikukonzekera kutsegula ndipo makatoni a zipangizo akutuluka m'masitolo. Mukafika mu August aliyense ali kale na munthu wake. Tengani choyezera magetsi, chophanira mitu ya waya na tochi yamphamvu, ndipo dzuwa likalowa musayende wapansi kuchoka ku loji kubwerera pa Cropping, chifukwa njovu zimakhala pa msewu.