Msilikali Wovulala Ubongo: Mmene Banja Lingapemphere Cithandizo

M'mipingo yathu ya ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Mtendere tiri ndi abale amene anagwirapo nchito ya usilikali. Ena anapita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations ku Mozambique, Rwanda, Sierra Leone ndi Sudan, ndipo kuyambira mu 2015 asilikali athu akhala akupita ku Central African Republic. Wobwerako ataduka mwendo, cilema cake aliyense amaciona. Koma wovulala ubongo amayenda bwinobwino, motero nkhani yake imavuta kuilongosola ku ofesi.

Ubongo umavulala pamene mutu wagunda mwamphamvu pa ngozi ya galimoto, pamene munthu wagwa pa maphunziro a usilikali, kapena pamene bomba laphulika pafupi. Umagwedezeka m'kati mwa cigaza ngakhale pakhungu pasatuluke magazi. Pambuyo pake munthu amamva mutu wosaleka, cizungulire ndi kulira kwa m'makutu. Amaiwalaiwala, amasowa tulo, amapsa mtima pa zazing'ono, ndipo ena amakhala okhumudwa masiku onse. Khunyu ingayambe patapita miyezi kapena zaka. M'komboni timafulumira kunena kuti walodzedwa kapena kuti ndi mowa, ndipo zaka zimatha osapita ku cipatala.

Ku ofesi iriyonse yopereka ndalama za cilema adzafuna umboni wakuti mavuto a lero anacokera pa kuvulala kwa pa nchito. Pakamwa pokha sipakwanira. Pafunika mapepala a mitundu itatu.

Oyamba ndi oonetsa kuti ngozi inacitika ali pa nchito: nambala ya usilikali, kalata yopumira, makadi a ku cipatala ca Maina Soko kapena ca kumene anavulalira, ndiponso maina a anzake amene analipo. Aciwiri ndi lipoti la dokotala la masiku ano. Tiyambire pa cipatala ca kwathu, monga Kanyama, Matero kapena Chawama, kuti atipatse kalata yopitira ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Za kukhumudwa ndi kusokonezeka maganizo amathandizanso ku Chainama Hills. Tisagwe mphwayi ngati cithunzi ca CT sicinaonetse kanthu, pakuti kuvulala kwina kwa ubongo sikuoneka pa makina amenewo. Tipemphe dokotala alembe dzina la vuto lirilonse palokha, ndi maganizo ake pa cimene cinaliyambitsa. Acitatu ndi umboni wa pa nyumba. Mkazi kapena mwana asunge kabuku, azilembamo tsiku limene bambo anagwa khunyu, pamene anasocera pobwera ku msika, ndi nchito imene ankaitha kale koma tsopano yawakanika. Wodwala yekha sangakumbukire zimenezi, ndiye cifukwa cake asamapite yekha kwa dokotala.

Nanga mapepalawa tipite nawo kuti? Lamulo la Workers' Compensation la 1999 silinaphatikize asilikali, cotero tisataye ndalama ya basi kupita kumeneko. Poyambira ndi ku likulu la gulu limene anatumikira: Zambia Army, Zambia Air Force kapena Zambia National Service. Penshoni ya asilikali imacokera ku Public Service Pensions Fund. Ngati anavulala pa nchito ya United Nations, pempho limapita ku New York kudzera m'boma lathu; munthu sangalembe yekha. Kuyambira mu 2018 ndalama ya imfa kumeneko ndi madola 77,000, ndipo ya cilema ndi gawo la ndalamayo malinga ndi kukula kwa cilemaco.

Palinso cithandizo ca nzika iriyonse. Bungwe la ZAPD, logwira nchito pansi pa lamulo la anthu olumala la 2012, limalembetsa munthu ndi kumpatsa khadi dokotala akamupima. Banja losauka lokhala ndi munthu wa cilema cacikulu likalowa mu Social Cash Transfer limalandira ndalama zocuruka kuposa mabanja ena. Za izi tifunse ku ofesi ya Social Welfare. Pempho likakanidwa, tipemphe kuti atipatse cifukwa cake m'kalata, ndipo kalatayo tipite nayo ku Legal Aid Board.

Tisapereke mapepala enieni kwa munthu aliyense. Tizisiya mafotokope, ndi kulemba tsiku limene tinawapereka. Ticenjere ndi onena kuti afulumizitsa fayilo tikawapatsa kangacepe.

Akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano angathandize kuperekeza mbale ku cipatala, kumuwerengera mafomu, ndi kusonkha ya basi. Tikamupempherera, timukumbutsenso kumwa mankhwala ake a khunyu tsiku ndi tsiku. Ndipo akayamba kulankhula zodzipha, kapena khunyu ikapitirira mphindi 5, tithamangire naye ku cipatala nthawi yomweyo.