Mbewu ya mdzukulu ili kale m'mimba mwa agogo

Mwana wamkazi sayamba kupanga mazira akatha msinkhu ayi, amabadwa nawo. Pofika mwezi wachisanu ali m'mimba amakhala ali ndi mazira pakati pa 6 ndi 7 miliyoni, ndipo kuchoka apo amangochepa. Amayi ndikamawauza zimenezi kusikelo amaseka, koma n'zoona: woyembekezera mwana wamkazi wanyamulanso mbewu ya adzukulu ake.

N'chifukwa chake nkhani ya BPA, mankhwala opangira pulasitiki wolimba, sindiitenga mwachibwana. M'thupi BPA amanamizira mahomoni achikazi otchedwa estrogen, ndipo amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa.

Mu 1998 Patricia Hunt, wofufuza wa ku Case Western Reserve University ku America, adadabwa kuona mbewa zake zikupanga mazira osokonekera, pafupifupi 40 pa 100 alionse, pomwe kale ankangokhala 1 kapena 2. Gwero lake linali sopo waukali. Wantchito adatsukira timakola ndi mabotolo a mbewazo, pulasitiki n'kuperepeseka, BPA n'kuyamba kutuluka. Hunt atapereka dala BPA kwa mbewa za bere, mazira a tiana takazi tili m'mimba adaonongeka, ndipo vutolo lidadzaonekera titakula. Mu 2012 adapezanso zofanana pa anyani.

Wina anganene kuti munthu si mbewa. Zoonadi, ndipo kafukufuku wa BPA pa anthu zotsatira zake zimasiyanasiyana. Koma tili ndi chipsera cha DES, mankhwala a mphamvu kwambiri otengera estrogen omwe Charles Dodds ndi anzake adapanga mu 1938. (Dodds yemweyo adali atayesapo kale BPA, naona kuti ngwofooka.) Madokotala ankapatsa amayi oyembekezera DES poganiza kuti aletsa kupita padera. Ana ankabadwa ooneka bwinobwino. Mu 1971 madokotala a ku Boston adapeza kuti atsikana ena obadwa kwa amayiwo ali ndi khansa yosowa kwambiri ya njira ya chiberekero. Ena adadzapezeka ndi chiberekero chopapatiza, chovuta kusunga mimba. Padapita zaka pafupifupi 20 chilondacho chisanaoneke.

South Africa ndi maiko a European Union adaletsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Adachita bwino, koma kwa ine adatchinga mochedwa, chifukwa pomwe khanda layamba botolo mazira ake adapangika kale. Woyenera kutetezedwa ndi mayiyo. BPA amapezeka m'kati mwa zitini zina za chakudya, m'mabotolo ena olimba oonekera m'kati, ngakhale pa timalisiti ta m'sitolo, ndipo moto ndi kukalikakalika kwa pulasitiki zimamutulutsa msanga. Ine amayi ndimawauza kuti phala lotentha azidyera m'mbale yachitsulo kapena yagalasi. Chizindikiro cha "BPA free" ndimachikayikira: opanga ena adangoikamo m'bale wake BPS, yemwe gulu la Hunt mu 2018 lidapeza kuti nayenso amasokoneza mazira a mbewa.