Mpamba ndi Mbeu

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali boma la Luangwa, limene akuluakulu akali kulichula ndi dzina lake lakale la Feira. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba, m'Zimbabwe. Dzina loti Feira ndi mau a Cipwitikizi otanthauza msika, pakuti m'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anali kugula minyanga ya njovu ndi golidi kumeneko. Koma David Livingstone pofika ku Zumbo m'caka ca 1856 anapeza nyumba za amalonda aja zili mabwinja. Motero tiona kuti ngakhale msika waukulu ukhoza kufa.

Lero malonda a m'derali ndi ang'onoang'ono. Mvula ndi yocepa, dzuwa limaocha, ndipo njovu ndi mvuu zimaononga minda. Cifukwa cake anthu a kwa Mburuma ndi kwa Mpuka sadalira khasu lokha. Ena aumika nsomba, ena aluka mphasa za bango, ndipo ena atola masau. Zambiri za izi azigulitsa pa mlatho wa Luangwa, kwa apaulendo a pakati pa Lusaka ndi Chipata.

Wamalonda wotere ali ndi zobvuta zitatu. Coyamba ndico kutalika kwa ulendo, pakuti ndalama yolipira galimoto imadya phindu. Caciwiri ndico nyengo. M'madzi ambiri a m'Zambia boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, ndipo imeneyi ndiyo miyezi ya njala. Cacitatu ndico ngongole. Pamudzi wosauka ogula ndiwo abale, ndipo nkobvuta kumana mlamu kapena malume.

Nanga amene amapambana amatani? Iwo adziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Tiyerekeze kuti mai wina wagula nsomba za K300, walipira galimoto K50, ndipo wazigulitsa zonse K420. Ndalama zake zoti adye ndi K70 cabe. K350 yotsalayo ndi mpamba. Akatapako kugula citenje, ulendo wotsatira adzagula nsomba zocepa, ndipo posacedwa adzakhala manja lende. Mpamba uli ngati mbeu. Mlimi wanzeru sakazinga cimanga ca mbeu, ngakhale njala itakula.

Kuti ateteze mpambawo, wamalonda wocenjera alemba m'kabuku zonse zimene wagula ndi kugulitsa. Mbale akabwera ndi njala, ampatsa mphatso yocokera m'phindu, osati ngongole yocokera mu mpamba. Apangana ndi anzake kubwereka galimoto imodzi kuti mtengo ucepe. Ndiponso akhala ndi malonda awiri, kuti nsomba zikaletsedwa agulitse mphasa kapena mcere. Makolo anati, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Inu ana, masamu amene muphunzira m'kalasi ndiwo cida ca nchito imeneyi. Ngati kwanu kuli wogulitsa malonda, mpempheni kuti muzimthandiza kulemba m'kabuku kake.

Mafunso
1. Kodi dzina loti Feira litanthauzanji?
2. Chulani zobvuta zitatu za wamalonda wa ku Luangwa.
3. Mnyamata wagula mphasa za K200, walipira galimoto K40, nazigulitsa K310. Phindu lake ndi ndalama zingati?