Kodi Mumadziwa? Sukulu ya Anamwino Ogwira Ntchito Kopanda Dokotala

Kodi mumadziwa kuti minibasi yochoka ku Chirimba kulowera ku Chileka imakudutsitsani pafupi ndi sukulu ya anamwino? Pa Kameza pali nthambi ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS. Malowa anatchuka mu 2020 pomwe ankasungirako odwala Covid-19, koma ntchito yake yeniyeni ndi yosula anamwino ndi azamba. Yunivesiteyi inabadwa mu 2021, Kamuzu College of Nursing ya 1979 itaphatikizana ndi College of Medicine ya 1991. Taonani zaka ziwirizo. Dziko lino linatsegula koleji ya anamwino zaka 12 lisanakhale ndi sukulu yakeyake ya madokotala.

Kodi mumadziwa kuti Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ali ndi chipatala chachikulu cha paboma, koma Blantyre alibe? Matenda akakula pa chipatala chaching'ono cha ku Chirimba, ku Ndirande kapena ku Chilomoni, ulendo wake ndi wa ku Gulupu, ku Queen Elizabeth Central Hospital, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 1958. Amene amagamula kuti uyu akamwere mankhwala kunyumba, uyu akwere ambulansi, kawirikawiri sakhala dokotala. Amakhala namwino, medical assistant kapena clinical officer. Mumzindatu muno. Nanga ku Usisya, kuseri kwa mapiri a Nkhata Bay? Nanga ku Makhanga, komwe madzi a Shire ndi Ruo akasefukira amadula njira? Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi.

Kodi mumadziwa kuti maiko ena vuto lomweli analithetsa pobwezera namwino kusukulu? Namwino amene wagwira kale ntchito amakaphunzira digiri yachiwiri, akabwerako amaloledwa kupima wodwala, kuitanitsa zoyeza za kulabu, kunena matenda ndi kulemba mankhwala payekha. Amamutchula kuti nurse practitioner. Maphunzirowa anayamba mu 1965 pa University of Colorado ku America. Oyambitsa ake anali namwino Loretta Ford ndi dokotala wa ana Henry Silver, ataona kuti ana a kumidzi ya m'deralo akusowa wowaona. Mayi Ford anamwalira mu Januwale 2025 ali ndi zaka 104.

Koma iwo sanali oyamba kuona kusowako. Mu 1925 Mary Breckinridge anayambitsa Frontier Nursing Service m'mapiri a Kentucky, ndipo azamba ake ankapita kukachiritsa amayi atakwera pa akavalo.

Kodi mumadziwa kuti ku Australia namwino amatha kukhala pakiliniki ya m'chipululu pomwe chipatala chachikulu chili pamtunda wa makilomita mazanamazana? Ambiri mwa odwala ake ndi eni nthaka a dzikolo, a mitundu ya Aboriginal, omwe ali ndi zilankhulo ndi miyambo yawoyawo. Wodwala akafika pothina amatumizirana ndege ya Royal Flying Doctor Service, yomwe mbiri yake inayamba mu 1928. Ku Alice Springs, pakatikati pa dzikolo, Flinders University imaphunzitsa anamwino amene ali kale ndi digiri momwe angagwirire ntchito kumalo otere, ndipo gawo lina la maphunzirowo ndi kudziwa mwambo wa anthu omwe ukuwathandiza. Ma nurse practitioner oyamba ku Australia anavomerezedwa mu 2000, m'chigawo cha New South Wales.  Anzathu a ku Botswana sanachedwe ngati Australia: maphunziro a family nurse practitioner anawayamba mu 1981.

Kodi mumadziwa kuti Malawi anadzera njira ina, ndipo njirayo inayambira mu Blantyre momwemuno? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Dr Neil Macvicar wa pa mishoni ya Blantyre ankaphunzitsa anyamata achikuda ntchito yothandiza dokotala. Mmodzi mwa ophunzira ake odziwika anali John Gray Kufa, yemwe azungu anadzamupha mu 1915 pomuimba mlandu wokhala mbali ya John Chilembwe. Maphunziro a ma clinical officer monga tikuwadziwira lero anayamba mu 1976: zaka zitatu m'kalasi ndi m'mawodi, chaka chimodzi choyeserera ntchito. Medical assistant amaphunzira zaka ziwiri.

Mwina mukuti, munthu wophunzira zaka zitatu zokha angagwire mpeni? Mu 2007 Dr Garvey Chilopora ndi anzake anatulutsa zomwe anapeza ataunika maopaleshoni adzidzidzi 2,131 a amayi oyembekezera m'zipatala 38. Maopaleshoni 88 mwa 100 aliwonse anachita ndi ma clinical officer, ndipo kachiridwe ka amayiwo sikanasiyane kwenikweni ndi ka omwe anachitidwa ndi madokotala. Ngati munabadwa ndi opaleshoni pa chipatala cha paboma, mungathe kuganiza nokha amene anakutulutsani.

Kodi mumadziwa kuti amene amakumangani pulasitala mukathyoka mwendo pa kabaza nayenso ali ndi sukulu yakeyake? Mu 1985 Dr Ed Blair anayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 a ma clinical officer a mafupa, kuti aliyense wothyoka asamachite kudikira katswiri wa ku Gulupu.

Kodi mumadziwa kuti njira yosankhira mwana wodwalitsitsa pamzere, yomwe zipatala za maiko ambiri zimatsata, inakulira ku Gulupu? Dzina lake ndi ETAT, ndipo pulofesa Elizabeth Molyneux ndi amene anaikapo mtima kwambiri. Mfundo yake ndi yapafupi mwakuti munthu umadabwa kuti inachedweranji. Mwana akangofika, namwino amamuyang'ana asanafunse n'komwe buku la kuchipatala: akupuma bwanji, akukomoka, watha madzi m'thupi, manja azizira? Amene ali pangozi amalowa nthawi yomweyo ngakhale wabwera pomaliza. Chaka cha 2001 chisanafike, ana 10 mpaka 18 mwa 100 ogonekedwa ku Gulupu ankamwalira. Atakonza malo olandirira ana n'kuphunzitsa ogwira ntchito, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Bungwe la WHO linasindikiza maphunzirowa mu 2005. Pambuyo pake zipatala zing'onozing'ono za mu Blantyre zinayesa Chipatala Robot, pomwe ana ankapatsidwa mtundu wofiira, wachikasu kapena wobiriwira monga maloboti a pamsewu. Choncho mayi wina akakudutsani pamzere ndi mwana wobanika, musamuloze chala namwinoyo kuti wakondera.

Kodi mumadziwa za Pumani? Ndi kamakina kothandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, komwe anakakonza a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a ku Gulupu. Atakayesa ku wodi ya makanda ya Chatinkha, ku Gulupu komweko, mu 2012, makanda 71 mwa 100 obanika omwe anaikidwa pakamakinaka anapulumuka, pomwe mwa omwe analandira mpweya wa oxygen wokha anapulumuka 44. Makina saona kuti kachubu kasuntha pamphuno ya khanda pakati pa usiku. Amaona ndi namwino wophunzitsidwa.

Kodi mumadziwa kuti ma ARV sakanafika kumudzi akanati aziyambitsa ndi madokotala okha? Boma linayamba kuwapereka mwaulere mu 2004, ndipo ntchito yaikulu inagwera ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi HIV ayambe mankhwala osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, n'kumamwa moyo wake wonse. Zinatheka chifukwa mzamba wa kusikelo analoledwa kuyambitsa mankhwalawo pompo. Maiko ena anadzatengera kwa ife.

Kodi mumadziwa kuti panali nthawi yomwe anamwino athu ankathera ku Britain mpaka boma linachita kuika ndondomeko yadzidzidzi? Inayamba mu 2004. Magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala anawonjezeredwa malipiro ndi 52 peresenti, ndi thandizo la boma la Britain ndi Global Fund, ndipo sukulu zinauzidwa kutenga ophunzira ambiri. Pofika 2009 ogwira ntchito m'magulu amenewa anachuluka kuchoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Anamwino ambiri a kumidzi amachokera m'makoleji a mishoni a CHAM: Nguludi, Malamulo, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona, St Luke's ku Malosa, Nkhoma, Ekwendeni. Amaphunzira zaka zitatu. Aliyense wa iwo sagwira wodwala asanalembedwe m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1966.

Pansi pa onsewa pali alangizi a zaumoyo, omwe ntchito yawo inayamba ngati yobaya katemera wa nthomba ndi kulimbana ndi kolera. Kuyambira 2008, a kumadera ovuta kufikako amatsegula kachipatala ka m'mudzi n'kumapereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu.

Kodi mumadziwa kuti digiri yachiwiri ya unamwino simufunikanso kukaifuna kunja? Ku KUHeS kuli ya uzamba, ya uchembere wabwino, ya unamwino wa ana ndi ya zaumoyo wa m'madera. Ku Mzuzu, koleji ya St John of God imapereka digiri kwa anamwino ndi ma clinical officer a matenda a maganizo. Apa ndi pomwe ine ndili ndi dandaulo. Namwino wa ku chipatala chakutali akapita kusukulu, mnzake amatsala yekha ndi chipinda chochirira, sikelo ndi mzere wa panja, usana ndi usiku. Zimenezo n'zopiririka, paja walira mvula walira matope. Chosapiririka n'chakuti akamaliza, pepala lakelo kawirikawiri limamukwezera ku ofesi, kukaphunzitsa kukoleji kapena ku bungwe la magalimoto oyera, osati kumubwezera komwe anachoka. Sindimuda. Kumene anachokako mwina kulibe nyumba yabwino, magetsi kapena sukulu ya ana ake, ndipo palibe amene amalipira sukulu fizi ndi mawu oti zikomo. Koma maphunziro apamwamba omwe mphoto yake ndi kuchoka pabedi la wodwala sakuthandiza mayi wa ku Makhanga. Chomwe Botswana ndi Australia anachita n'kupanga udindo woti namwino akwere, alandire bwino, apatsidwe mphamvu yolemba mankhwala, koma akhalebe m'chipinda chopimira odwala.

Kodi mumadziwa kuti ku Neno akuyesa zofanana nazo? Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kumeneko kuyambira 2007. Pa chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi anatsegula makiliniki otchedwa PEN-Plus, komwe ma clinical officer ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera amasamala ana a shuga wofuna jakisoni wa insulin, odwala sickle cell ndi a matenda a mtima. Kale odwala otere ankayenera kupeza ndalama ya thiransipoti, kutsika mapiri a Neno n'kudzagona pakhonde ku Blantyre kudikira tsiku lawo la kiliniki.