Malo Ofunika Kuŵaona Kunsi kwa Mapiri a Dedza

Boma la Dedza lili ndi mbali ziŵiri zosiyana kwambiri. Mbali ina ili pamwamba pa mapiri, kumene kumazizira ndipo anthu amalima kachewere, nyemba ndi kabichi. Mbali inayo ili kunsi kwa mapiriwo, m'chigwa chotambalala chimene chimakafika ku Nyanja ya Malaŵi. M'chigwa chimenechi ndimo muli Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Alendo ochokera ku maiko akutali amaononga ndalama zambiri kuti adzaone malo ameneŵa, pamene ena a ife tili nawo pafupi koma sitidaŵaonepo. Tsono tiyeni tiŵayendere mmodzimmodzi.

Ulendo wathu uyambire pa Masasa, pa mseu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu. Pamenepo timapatukira kuvuma ndi kutsata mseu wa Khwekhwerere. Mseu umenewu ndi wokhotakhota chifukwa phirilo ndi lotsetsereka kwambiri, kotero kuti galimoto silingathe kutsika molunjika. Kukacha bwino, munthu ataima pamwamba amaona chigwa chonse, minda, midzi ndiponso nyanja ikunyezimira patali. M'mbali mwa mseu muli amisiri amene amasema timagalimoto, tinjinga ndi tindege ta mitengo ndi kumagulitsa kwa apaulendo.

Munthu akamatsika amayamba kumva kutentha. Tauni ya Dedza idakwera mamita oposa 1,500 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malaŵi siikwana mamita 500. Malo otsika amatentha koposa malo okwera. N'chifukwa chake amene adanyamuka ku Dedza atavala juzi amafika ku Golomoti thukuta lili kamukamu. Mitengo nayo imasintha. M'malo mwa masuku a kumapiri timayamba kuona milambe ikuluikulu ndi migwalangwa.

Pa Golomoti pamakumana miseu. Wina ndi wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Balaka kupita ku Salima, ndipo wina umaloŵera ku Monkey Bay ndi ku Mangochi. Pomwepo padadutsanso njanji yochokera ku Blantyre imene idafika ku Salima m'chaka cha 1935. Chinthu chatsopano pamalopa ndi munda wa magalasi otapa mphamvu ya dzuŵa, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Magalasiwo adaŵandanditsa m'mizere yambirimbiri ndipo amapanga magetsi okwana mamegawati 20. Magetsi ena amasungidwa m'mabatire aakulu kuti agwire ntchito dzuŵa litaloŵa. Motero dzuŵa lomwe limatiotcha m'chigwa muno ndi limenenso limaunikira nyumba za m'matauni usiku.

Tikachoka pa Golomoti kuloŵera kumpoto timafika pa mphambano ya ku Mua. Mishoni ya Mua ili patsinde penipeni pa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a Chikatolika otchedwa Abambo Oyera, ndipo ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za mpingo umenewu m'Malaŵi. Pamalopa pali tchalitchi, chipatala ndiponso sukulu ya ana osamva. Nyumba zakale za njerwa zikadalipo, ndipo poziyang'ana tingathe kudziŵa mmene amisiri a nthaŵi imeneyo ankamangira.

Chimene chidatchukitsa Mua koposa ndi malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Adaŵayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu adaŵapatsa mfunda wakuti Chisale. Iwo adasonkhanitsa amisiri a m'midzi yozungulira kuti aziphunzitsana kusema ndi kujambula. Zosema za ku Mua zidafika m'matchalitchi ndi m'nyumba zambiri, kuno kwathu ndi kunja komwe. Mlendo akafika amapeza amisiri ali pa ntchito, sompho ndi tchizulo zili m'manja, ndipo amadzionera yekha chipika chikusanduka munthu kapena nyama.

Pa Kungoni pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Chamare. Dzinali lidachokera kwa Bambo Champmartin, wansembe wakale wa pa Mua, amene anthu ankamutchula kuti Chamare poti dzina lake linali lovuta. Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu, ndipo imafotokoza mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao: kubadwa kwa mwana, chinamwali, ukwati, ufumu ndi maliro. Mulinso zilombo za Gule Wamkulu zoposa 400. Chilombo chilichonse chili ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Zina zimadzudzula ulesi, zina umbava, ndipo zina mwano. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha mtengo wapatali cha anthu a dziko lonse lapansi. M'nyumba imeneyi simufunika kuthamanga kapena phokoso. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumpoto kwa Mua kuli Mtakataka, likulu la Inkosi Kachindamoto. Angoni a kumeneku adatsika kuchokera kumapiri m'zaka za m'ma 1890 nakhazikika pakati pa Acheŵa. Mmodzi mwa mafumu amene adakhalapo pa mpando umenewu ndi mai Theresa Kachindamoto, amene adalongedwa ufumu mu 2003. Iwo adadziŵika m'maiko ambiri chifukwa chothetsa maukwati a ana aang'ono ndi kuŵabwezera anawo ku sukulu. M'dera lomweli muli minda ya mpunga ya chigwa cha Bwanje, imene amaithirira ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe kudzera m'ngalande. Tikapitirira kuvuma timafika kugombe, kumene asodzi amakocheza mabwato ao m'mamaŵa ndipo amai amayanika usipa ndi utaka pa matandala.

Palinso maulendo aŵiri aatali pang'ono amene munthu angapite ndi kubwerako tsiku lomwelo ngati walaŵirira. Woyamba ndi wa ku Cape Maclear, kudzera mseu wa ku Monkey Bay. Kumeneko kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kusamala nsomba. M'madzi ake oyera mbee, pakati pa miyala, mumasambira mbuna za maŵanga osiyanasiyana, ndipo mitundu yambiri ya nsombazi siipezeka kwina kulikonse. Kumenekonso ndi kumene amishoni a ku Scotland adayamba mishoni ya Livingstonia mu 1875. Malungo adapha ena mwa iwo, choncho otsalawo adasamukira ku Bandawe mu 1881. Manda a amene adamwalirawo akadalipo.

Ulendo wachiŵiri ndi wokwera mapiri kupita ku Chongoni, kumpoto kwa tauni ya Dedza. Kumeneko kuli malo 127 amene anthu akale adajambula zithunzi pa matanthwe ndi m'mapanga. Zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala m'dziko muno kalekale. Zoyera adajambula ndi makolo a Acheŵa pa nthaŵi ya chinamwali ndi miyambo ina. Mu 2006 malo ameneŵa adaikidwa pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Nthaŵi yabwino yoyendera chigwa chimenechi ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha ndipo kutentha kwachepa. M'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imadzaza mwadzidzidzi. Wopita kunyanja asasambe pamalo pamene sapadziŵa, chifukwa pena pali ng'ona ndipo m'madzi odikha muli nkhono zofalitsa likodzo. Ayambe wafunsa eni mudzi, paja safunsa adadya phula. Asajambulenso munthu kapena chinthu cha mwambo asanapemphe chilolezo.

Malo onse ameneŵa angathe kuonongeka ngati ife sitiŵasamala. Mwana amene alemba dzina lake ndi khala pa chithunzi cha ku Chongoni amafafaniza m'kanthaŵi kochepa ntchito imene yakhala zaka mazana ambiri, ndipo palibe amene angaijambulenso. Anthu akamadula mitengo ya m'nkhalango ya Mua-Livulezi kuti aotche makala, madzi a mvula amatsika ndi liŵiro, nakokolola nthaka, minda ndi milatho. Amisiri a ku Kungoni nawo amasoŵa mitengo yosema. Inu amene muli m'kalasi lachisanu lero ndinu amene mudzakhala eni malo ameneŵa maŵa. Kaŵaoneni, muŵadziŵe, ndipo muŵasiye monga momwe mwaŵapezera kuti adzukulu anu adzaŵaonenso.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani ku Golomoti kumatentha koposa ku Dedza?
2. Kodi mabatire a pa Golomoti amagwira ntchito yanji?
3. Tchulani mitundu itatu ya anthu imene miyambo yao imafotokozedwa m'nyumba ya Chamare.
4. Kodi mai Theresa Kachindamoto adadziŵika ndi ntchito yotani?
5. Fotokozani kusiyana kwa zithunzi zofiira ndi zoyera za ku Chongoni.
6. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti safunsa adadya phula.

Ntchito

Funsani makolo anu za malo amodzi ochititsa chidwi a kufupi ndi kwanu. Lembani ndime imodzi yofotokoza kumene malowo ali, mbiri yake ndi mmene anthu angaŵasamalire.