Kawilo ka pakiyibodi kanatsala pang'ono kutichititsa manyazi pa ukwati

Lachisanu madzulo, mawa lake kuli ukwati, msuweni wanga anakankha kawilo kamene kali kumanzere kwa kiyibodi, ndipo m'sipika munatuluka kulira ngati kwa mbuzi yopanidwa pachitseko. Kwaya yonse inangoti zii. Kenako mayi wina anaphulika nako kuseka mpaka kukhala pansi.

Ndinali nditapita kwathu ku Karonga, chakumpoto kwa boma panjira ya ku Songwe. Msuweni wangayu ali ndi zaka 19, amaimbira kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo uwu unali ukwati wake woyamba kuitanidwa kuti adzalipidwe. Ndalamazo anali ataziwerengera kale pa fizi. Nde mukhoza kuona mmene thukuta linkatsikira, ndipo silinali la kutentha kwa Karonga kokha ayi.

Mkulu wa kwaya, bambo wachikulire amene sakonda zachibwana, anangoti, "Mwana wanga, ngati chinthuchi chakukanika, tiimba ndi ng'oma."

Kiyibodiyo ndi Yamaha PSR-E463 ya tchalitchi. Sabata yapitayo anaibwereka anyamata ena opanga mabiti, ndipo anasunga zawo pa batani la Registration Memory lomwe msuweni amasungapo zake. Iye atalidina, zinabwera za eni ake.

Kawilo kaja dzina lake ndi pitch bend. Ukakakankhira kutsogolo mawu amakwera, ukakakokera kwa iwe amatsika, ukakasiya kamabwerera pakati kokha. Si zachilendo: Minimoog ya mu 1970 inali nako kale. Pa makiyibodi ambiri a Roland ndi Korg m'malo mwa wilo pamakhala kandodo kokankhira kumbali, koma ntchito ndi yomweyo.

Chimene ambiri sadziwa n'choti mtunda umene mawuwo amayenda umachita kusankhidwa. Pa Yamaha yathuyi umadina Function, n'kufufuza polembedwa PBRange. Nambala yake imafika pa 12, ndipo imawerenga masitepe: sitepe imodzi ndi kuchoka pa kiyi ina kufika pa yoyandikana nayo, kuwerengera ndi zakuda zomwe. Kufakitale amaika pa 2, kutanthauza kuti ukagwira C n'kukankha mpaka kumapeto, ufika pa D. Anyamata aja anaika pa 12, octave yathunthu. Pa biti yovinira kudansi zimakoma ndithu. Pa nyimbo yolowetsa mkwatibwi, ndi mbuzi ija.

Titabweza pa 2 ndinamufunsa, "Iwe, bwanji osangokasiya kawiloko?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndipo anali ndi mfundo. Kwathu kuno khutu linakulira nyimbo za kutsidya kwa Songwe, za anthu ngati Rose Muhando ndi Christina Shusho, kuphatikizapo rumba ya ku Congo, momwe gitala ya lidi imalira motsetsereka. Kwaya zambiri za kumudzi zilibe woimba gitala, choncho wa kiyibodi ndiye amakhala gitalayo. Popanda kawilo, mawu a gitala a m'kiyibodi amamveka ouma ngati belu la foni.

Anandionetsa mmene amachitira. Amayamba wakokera kawilo pansi pang'ono asanagunde kiyi, akagunda n'kukasiya, mawu n'kukwera okha kukakhazikika pamalo pake. Amatero pa noti imodzi imodzi, makamaka kumapeto kwa mzere, pamene oimba akupuma. Pa mawu a piyano sakakhudza n'komwe, chifukwa piyano yeniyeni sipinda mawu ndipo khutu limazindikira bodzalo msanga. Ine ndinaonapo wina akuyesa kugwiririra kawilo kuti atsitsire kwaya kiyi. Musadzivute, batani la Transpose lilipo.

Vuto lachiwiri linali lobisika, ndipo ndi limene linatidyera nthawi. Arpeggiator, imene pa Yamaha amangolemba kuti Arpeggio, ndi kaluso koti iwe ukagwira makiyi atatu pamodzi, tinene C, E ndi G, makinawo amawaimba limodzi limodzi mobwerezabwereza, ngati munthu akutokosa zingwe. Dzinalo likuchokera ku liwu la Chitaliyana lotanthauza zeze. Mitundu yake pa kiyibodiyi ndi yoposa 100, ndipo mnyamata akangoipeza amafuna kuiyesa yonse tsiku limodzi.

Koma arpeggiator imayendera wotchi ya makina. Ukaika tempo pa 100, ikhala pa 100 mpaka Yesu adzabwere. Kwaya si wotchi. Amayi akayamba kuwomba m'manja ndi kuponda pansi, nyimbo imathamanga pang'onopang'ono, iwo osadziwa n'komwe. Pofika ndime yachitatu, kwaya inali kutsogolo, kiyibodi ikutsatira m'mbuyo ngati mwana wotopa paulendo.

Poyamba msuweni anafuna kuti kwaya izitsatira makina. Mkulu uja anapukusa mutu. "Takhala tikuimba iwe usanabadwe. Tiyambe lero kulamulidwa ndi batani?"

Pamenepa ndinali mbali ya bambowo. Tinachita zinthu zingapo. Msuweni anasiya kulota nambala, n'kuyamba kugogoda batani la Tempo/Tap motsatira kuwomba m'manja kwa amayi. Mu Function anapeza Quantize n'kuika pa 1/8, kuti chala chikachedwa pang'ono, arpeggio igwerebe pa biti ya ng'oma za m'kiyibodi. Pedulo, imene masiku onse imatalikitsa mawu, anaisintha kukhala Arp Hold, moti akaiponda arpeggio imapitirira ngakhale atachotsa dzanja, iye n'kupeza mpata wofikira kawilo kaja. Koma chachikulu chinali kuvomereza kuti arpeggio si ya nyimbo iliyonse. Pa nyimbo zisanu ndi imodzi, anaisiya pa ziwiri zokha, zoyenda mofatsa.

Tinamaliza mdima utagwa, udzudzu wa kunyanja utatipeza. Zonse anazisunga pa Bank 8, kutali ndi pamene obwereka amafikira msanga, n'kukoperanso pa flash yanga.

Loweruka magetsi anathima akwati ali pakhomo la tchalitchi. Jenereta italira, kiyibodi inadzuka itaiwala zonse zimene zinali pamwamba. Msuweni anasankha Bank 8, n'kudina batani limodzi, basi. Mkwatibwi analowa ndi arpeggio yofewa, amayi akulira nthungululu, ndipo kawilo kanagwira ntchito mwina kanayi kokha nyimbo yonseyo. Pa perekaniperekani anazimitsa arpeggio, n'kuthamanga ndi anthu ndi zala zake.

Madzulo mkulu wa kwaya anamupatsa envelopu yake, n'kumuuza kuti Lachitatu asachedwe ku pulakatisi, chifukwa pali ukwati wina ku Chilumba mwezi wamawa.