Bwalo lili ku Johannesburg, osewera ali ku Area 4

Wosewera bawo aliyense amalidziwa vuto ili: mwini bawo akanyamuka, masewera atha, ngakhale winawe unali pafupi kudya nkhomo zonse. Achinyamata a mu Lilongwe amene amasewera magemu a pakompyuta pagulu akukumana ndi vuto lomweli. Akagula mausi ndi kiyibodi m'mashopu a ku Area 4, cha ku Game Complex, amagwirizana kuti laputopu ya mmodzi ikhale bwalo losewerapo onse. Mwiniwake akaitseka kuti akagone, kapena magetsi akazima kwawo, onse amatulutsidwa pa nthawi imodzi.

Njira yothetsera vutoli ndi kukhala ndi seva yapadera: kompyuta imene palibe amene amasewererapo, ntchito yake n'kungosunga bwalolo usana ndi usiku. Ndiyo imaweruza amene wayamba kuwombera mu Counter-Strike 2, ndiyonso imakumbukira nyumba imene wina wamanga mu Minecraft. Seva ya Minecraft imawerengera zochitika zonse m'bwalo ka 20 pa sekondi iliyonse. Ikachedwa pang'ono, osewera amayamba kudandaula kuti "yalaga".

Kukhazikitsa sevayi si ntchito yoopsa. Kompyuta yakale ya muofesi imakwana. Ambiri amaikamo Linux, makamaka Ubuntu, kenako pulogalamu ya gemuyo. Ya Minecraft imafuna Java, pomwe ya Counter-Strike imatengedwa kudzera pa SteamCMD. Kenako umatsegula khomo lolowera, lomwe akatswiri amati port: 25565 ndi ya Minecraft, 27015 ndi ya Counter-Strike. Anzako amangofuna adiresi ya IP ndi nambala imeneyi basi.

Zovuta zimayambira pamenepa. Intaneti ya bandulo kawirikawiri imagawira anthu ambirimbiri adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Zili ngati nyumba za lendi zambiri zampanda umodzi zopanda manambala pazitseko: mlendo amafika pageti koma osadziwa pogogoda. Ngakhale Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imagwiritsa ntchito njira yomweyi kwa makasitomala wamba. Wa ku Area 10 sangalowe mosavuta mu seva imene ili kuchipinda kwa mnzake ku Area 3, ngakhale pagalimoto ndi ulendo wa mphindi zochepa.

Ndiye pali magetsi. Mphamvu yambiri imene Escom imagawa imachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima unakhala wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili pakati posunga zinthu, dziko lonse limene gulu lamanga m'gemu likhoza kuonongeka. Popanda batire ndi inivetala, seva ya kunyumba ndi juga.

N'chifukwa chake njira yodalirika ndi yochita lendi kagawo ka kompyuta, kotchedwa VPS, kunja kwa dziko. Funso n'lakuti kuti? Mu fayiba, uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. London ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000 kuchokera ku Lilongwe, kutanthauza kuti kupita ndi kubwerera sikungachepere mamilisekondi 80, ndipo kumaposa pamenepa chifukwa nthambo siziyenda mowongoka. Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,500 okha. Microsoft inatsegula malo ake osungira maseva ku South Africa mu 2019, Amazon inatsatira ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inafika ku Johannesburg mu 2024. Pa gemu yowomberana, kusiyana kumeneku kwa ping, yomwe ndi nthawi yopita ndi kubwerera, ndi kumene kumasankha wofa ndi wopulumuka.

Seva ili kutali choncho, mwini wake amaiyendetsa bwanji? Amalowamo kudzera pa SSH, yomwe ndi njira yotetezeka yolembera malamulo pa kompyuta ina, ngakhale ali pafoni m'minibasi yochokera ku City Centre. Pali ina yotchedwa RCON, yolamulira gemu yeniyeniyo: kusintha mapu, kulengeza uthenga, kapena kuthamangitsa wobera. Wochenjera amaikanso lamulo loti pulogalamu ikagwa izidzuka yokha, ndiponso kuti usiku uliwonse zonse zizikoperedwa pamalo ena.

Pa chitetezo sipafunika ulesi. Seva ikangoonekera pa intaneti, mapulogalamu a akuba amayamba kuyesa mapasiwedi pa khomo 22 la SSH osapuma. Mankhwala ake ndi kulowa ndi kiyi yapadera m'malo mwa pasiwedi, kutseka makomo onse osafunika, ndi kusunga mndandanda wa mayina ololedwa kulowa m'bwalo.

Chimene luso silingathetse ndi ndalama. Lendi ya seva imalipiridwa m'madola kapena m'marandi, pa khadi la kubanki. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa seva yomweyo unakwera usiku umodzi, kuonjezera pa kusowa kwa ndalama zakunja. Gulu likhoza kusonkherana pa Airtel Money kapena Mpamba ngati banki m'khonde, koma pafunikabe mmodzi amene khadi lake likudutsa.

Ndipo Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Intaneti yathu imadalira nthambo za pansi pa nyanja monga Seacom ndi EASSy kudzera m'maiko oyandikana nawo. Nthambo ziwirizi zitaduka pa 12 Meyi 2024, intaneti inavuta kuno komanso ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique. Pa tsiku lotero seva imakhala ili bwinobwino, njira yokafikako ndiyo yatsekeka.

Choncho woyang'anira seva wa ku Area 4 ndi msungichuma, mlonda ndiponso nyakwawa yoweruza milandu ya amene wagwetsa nyumba ya mnzake. Wachinyamata amene waphunzira Linux ndi SSH pofuna kuti anzake asamatulutsidwe m'gemu waphunzira ntchito yomwe mabanki ndi makampani a mafoni amalembera anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti pano seva ikagwa pakati pa usiku, sipabwera kalata ya abwana. Amene amakudzutsa ndi anzako pa WhatsApp, kufunsa kuti bwanji bwalo latsekedwa.